Nyumba Ili ku Domasi, Mwini Ali Kunja: Kodi Kampani Ingachepetse Msonkho?

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, akapitirira Songani n'kuyandikira mtsinje wa Domasi, amaona nyumba zanjerwa zofolera ndi malata zitandandalika m'mbali mwa msewu ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Malosa. Zina mwa nyumbazi mumagona eni ake, koma zina anazimangira lendi. Zimenezi n'zosadabwitsa, pakuti chigwa cha Domasi ndi malo a maphunziro kuyambira kale. A mishoni a Church of Scotland anafika pamalopa mu 1884, sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes inatsegulidwa mu 1929, ndipo lero pali Malawi Institute of Education pamodzi ndi Domasi College of Education, imene inayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993. Paliponse pamene pali sukulu pamakhala ofuna pogona, ndipo mwini chipinda chapadera sasowa wolowamo.

Ndalama zomangira zina mwa nyumbazi sizinachokere m'minda ya mpunga ya kumunsi kwa chigwa. Zinachokera ku Johannesburg, ku Cape Town, ngakhalenso ku mizinda ya ku Britain, kumene ana a m'dera lino akugwira ntchito. Ulendo wotere si wachilendo. Makolo awo ankapita ku migodi pa Wenela kufikira mu 1974, pamene ngozi ya ndege ku Francistown inapha a Malawi 74, ndipo ena anapitanso pa TEBA kufikira mu 1988. Wa kumigodi uja ankabwera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi ya zovala. Wa masiku ano amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi kufikira nyumba itafoleredwa, nasiya mbale wake, kawirikawiri mphunzitsi wa pafupi, kuti adzitolera lendi.

Tsono pakati pa anthu otere mwalowa langizo latsopano. Akuti munthu wanzeru sasunga nyumba ya lendi m'dzina lake. Amalembetsa kampani, naika nyumbayo m'dzina la kampaniyo, ndipo msonkho umachepa. Langizoli likufika ku Domasi pa lamya, ndipo amene akuuzidwa kuti asaine mapepala ndi aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu amene akuyang'anira nyumbazo. N'kofunika kuti iwo adziwe chimene akusainacho.

Kumene langizoli linachokera

Nzeru imeneyi inabadwira ku Britain, ndipo inali ndi chifukwa chake. Kale mwini nyumba ya lendi kumeneko ankachotsa chiongoladzanja chonse cha ngongole ya kubanki asanawerenge phindu lodulidwa msonkho. Lamulo la mu 2015 linachepetsa mwayi umenewu pang'onopang'ono kuyambira mu April 2017, ndipo pofika mu April 2020 munthu payekha ankangobwezeredwa 20 pa 100 iliyonse ya chiongoladzanjacho. Makampani lamuloli silinawakhudze. Motero anthu amene anagula nyumba zambiri pa ngongole, amenenso malipiro awo anali pa mlingo wapamwamba wa msonkho, anayamba kuthamangira kukalembetsa makampani.

Apa m'pamene pagona kusiyana koyamba. Nyumba zambiri za ku Domasi sizinamangidwe pa ngongole ya kubanki. Zinakwera njerwa ndi njerwa, monga mmene ndalama zinkafikira. Pamene Reserve Bank of Malawi inaika chiongoladzanja chake pa 26 pa 100 iliyonse mu 2024, ndi anthu owerengeka amene akanalimba mtima kumanga nyumba ya lendi ndi ndalama zokongola. Chotero mwini nyumba wopanda ngongole akathamangira kampani, akumwa mankhwala a nthenda imene sakudwala.

Kampani ndi munthu wina

Chinthu chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti pamaso pa lamulo kampani ndi munthu woima payekha. Mfundo imeneyi inakhazikika pa mlandu wa Salomon ku Britain mu 1897. Aron Salomon anali wosoka nsapato amene anagulitsa bizinesi yake kwa kampani imene iye yemwe analembetsa, ndipo oweruza anagamula kuti kampaniyo ndi iyeyo anali anthu awiri osiyana, ngakhale kuti masheya pafupifupi onse anali ake. Malawi ndi South Africa amatsata mfundo yomweyo. Lamulo la makampani la dziko lino la mu 2013 limalola ngakhale munthu mmodzi kulembetsa kampani, koma kampaniyo sikhala iyeyo.

Kaamba ka ichi, kuika nyumba m'kampani si kusintha dzina pa chitseko chabe. Ndi kuchotsa nyumba m'manja mwa mwini wake n'kuipereka kwa mwini wina. Wokhometsa msonkho amakuona ngati kugulitsa, ngakhale pasaperekedwe tambala imodzi. Ndipo pakuti nyumba ili m'dziko lina pamene mwini ali m'dziko linanso, okhometsa msonkho amene amatchera khutu ndi awiri.

Msonkho wa polowa

Munthu wokhazikika ku Britain amalipira msonkho pa chuma chake cha dziko lililonse. Mwayi wakale umene alendo ena anali nawo, wosalipira pa ndalama zimene sanazilowetse m'dzikomo, unathetsedwa mu April 2025, ndipo wotsala ndi wa ongofika kumene, m'zaka zawo zinayi zoyamba. Munthu wotere akapereka nyumba yake ya ku Domasi kwa kampani yake, lamulo limatenga kuti waigulitsa pa mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo, ndipo phindu lake limadulidwa 18 kapena 24 pa 100 iliyonse, malinga ndi milingo imene inayamba mu April 2024. Chikhululukiro chilipo kwa amene akusamutsa bizinesi yathunthu, koma ayenera kusonyeza kuti ndi bizinesi yeniyeni. Pa mlandu wa Ramsay wa mu 2013, mayi amene anapambana ankathera maola pafupifupi 20 pa sabata akusamalira nyumba yake ya lendi. Munthu amene amangolandira uthenga pa lamya kuti lendi yalowa adzavutika kunena zofanana ndi zimenezo.

Kawerengedwe ka phindulo nakonso kali ndi msampha wake. Ku Britain amawerenga m'mapaundi: ndalama zomangira amazisintha pa mtengo wa nthawi imene zinagwiritsidwa ntchito, ndipo mtengo wa nyumba amausintha pa mtengo wa tsiku losamutsira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, nitsitsidwanso ndi 44 mu November 2023. Motero nyumba imene yakwera kwambiri m'makwacha ikhoza kuonetsa phindu lochepa m'mapaundi. Kuno kwathu lamulo limawerenga phindu la pa kugulitsa katundu ngati gawo la ndalama zodulidwa msonkho, koma limalola kukweza mtengo wogulira molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Masamu ake ayenera kuchitika kawiri, m'ndalama ziwiri, pa malamulo awiri, ndipo mayankho ake salingana.

Palinso zolipira za pamalo pomwe. Kusintha umwini wa malo kumafuna msonkho wa sitampa, umene unatsitsidwa kuchoka pa K3 kufika pa K1.50 pa K100 iliyonse cha m'ma 2013, kuphatikizapo malipiro a loya ndi a woyeza mtengo wa nyumba. Kumafunanso kalata ya Malawi Revenue Authority yotsimikiza kuti mwini alibe ngongole ya msonkho. Apa mpofunika kuchenjera: amene wakhala akutolera lendi zaka zambiri osaulula, tsiku lokapempha kalatayi ndilo tsiku limene zakale zonse zimafukuka.

Koma chopinga chachikulu ku Domasi ndi nthaka yeniyeniyo. Malo ambiri m'chigwachi ndi a makolo, ali pansi pa mafumu a m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, ndipo alibe chikalata cha umwini. Kampani singalandire mwalamulo chinthu chimene sichinalembedwe m'kaundula. Malo a lizi nawo sasinthidwa dzina popanda chilolezo cha Unduna wa za Malo. Kuonjezera apo, lamulo la malo la mu 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, linakhwimitsa za kupereka kapena kugulitsa malo kwa osakhala nzika. Mwana wa kwa Malemia amene anatenga unzika wa dziko lina akhoza kusunga wa kuno, pakuti Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri mu December 2018. Koma kampani yolembetsedwa ku London ilibe mchombo umene unakwiriridwa ku Domasi. Ndi mlendo.

Msonkho wa chaka ndi chaka

Lamulo la msonkho la Malawi limayang'ana kumene ndalama zachokera. Lendi ya nyumba ya ku Domasi yachokera m'dziko muno, ndiye kuti Boma la Malawi ndilo loyamba kudula, mwini akhale kumene angakhale. Malinga ndi milingo ya mu 2024, munthu wosakhala m'dziko muno amadulidwa K15 pa K100 iliyonse ya ndalama zochokera kuno, asanachotse zimene waononga. Kampani yolembetsedwa kuno imalipira K30 pa K100 iliyonse ya phindu, pamene yolembetsedwa kunja imalipira K35. Pambuyo pake, phindu likamagawidwa kwa eni masheya okhala m'dziko muno, pamadulidwanso K10 pa K100 iliyonse. Kwa mwini masheya wokhala kunja, mlingo wake umatsata lamulo la anthu akunja ndi pangano la maiko awiriwo.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuthandiza. Pa K100 ya lendi, K30 ipite pa kukonza denga, kupenta ndi kulipira mlonda. Phindu ndi K70. Mwini wokhala kunja, nyumba ili m'dzina lake, adulidwa K15. Nyumba yomweyo ikakhala ya kampani ya kuno, kampani ilipira K21, patsala K49, ndipo pogawa pa mlingo wa K10 uja pachokanso K4.90. Zonse pamodzi ndi K25.90, osawerengera malipiro a wosunga mabuku a ndalama ndi zolipira ku kaundula wa makampani chaka ndi chaka. Ndalama za kampani si za m'thumba la mwini. Kuti zifike m'manja mwake ziyenera kudutsa pa chipata chachiwiri, ndipo pa chipata chilichonse pamakhala wokhometsa.

Kodi kampani imakhala kuti?

Ena amaganiza kuti akalembetsa kampani ku Malawi, dziko limene akukhalalo silidzaiona. Funso limeneli linayankhidwa kalekale. Mu 1906 oweruza a ku Britain anagamula mlandu wa De Beers, kampani ya dayamondi yolembetsedwa ku South Africa, imene migodi yake inali ku Kimberley. Iwo anati pakuti akuluakulu ake ambiri ankakhala ku London nagamula zinthu zazikulu kumeneko, kampaniyo inali yokhala ku Britain pa nkhani ya msonkho. South Africa nayo, imene inayamba kudula anthu ake pa chuma cha maiko onse mu 2001, imayang'ana kumene kampani ikuyendetsedwera kwenikweni. Chotero kampani ya ku Domasi imene zonse zake zimagamulidwa pa lamya kuchokera ku Manchester kapena ku Johannesburg ikhoza kupezeka kuti ndi yokhala m'maiko awiri nthawi imodzi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Mapangano oletsa kudula msonkho kawiri alipo. La Malawi ndi Britain linasainidwa mu 1955, dziko lino lili m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 2016 bungwe la ActionAid linalidzudzula kuti ndi lachitsamunda, lokomera makampani a ku Britain. La Malawi ndi South Africa ndi la mu 1971. Mapangano otere amalola dziko limene muli nyumba kudula poyamba, ndipo dziko la mwini limachotsera zimene walipira kale. Koma kuchotserako kumayenda bwino pamene wolipira m'maiko onse awiri ndi munthu mmodzi. Kampani ikalowa pakati, wolipira ku Malawi ndi kampani pamene wolipira kunja ndi munthu, ndipo kawirikawiri munthuyo sachotseredwa msonkho umene kampani yake inalipira.

Nyumba ikakhala kunja, mwini ali kuno

Pali gulu lina, laling'ono ndithu, la anthu amene anagwira ntchito ku South Africa zaka zambiri, nagula nyumba kumeneko, ndipo tsopano abwerera kudzapuma ku Domasi nasiya nyumbayo pa lendi. Kwa iwo nkhani ndi yotembenuka. Lendi yawo yachokera ku South Africa, ndiye kuti amalipira kumeneko, pa milingo ya munthu payekha imene imayambira pa 18 n'kukathera pa 45 pa 100 iliyonse. Lendi ya nyumba imodzi yaing'ono simufikitsa munthu pamwamba pa makwerero amenewo. Kampani imalipira 27 pa 100 iliyonse kuyambira mu 2023, ndipo ikakhala ya ku South Africa, phindu logawidwa limadulidwanso 20, mlingo umene unayamba mu 2017. Pa R100 ya phindu, zonse pamodzi ndi R41.60, pokhapokha pangano la maiko litachepetsako.

Pogulitsa nyumba napo kampani imalipira zambiri. Kuyambira mu 2016 munthu payekha amawerengeredwa 40 pa 100 iliyonse ya phindu, kotero kuti salipira kupyola 18, pamene kampani imawerengeredwa 80, zimene zimafikitsa msonkho wake pa 21.6. Lamulo la kumeneko lili ndi njira yosinthanitsa nyumba ndi masheya popanda kulipira nthawi yomweyo, koma njirayo ndi ya kampani yokhala ku South Africa. Wosamutsira nyumba ku kampani ya ku Malawi amatengedwa kuti wagulitsa pa mtengo wa pamsika. Pamabwera msonkho wosinthira umwini, umene mu 2025 unkayamba pa nyumba yopyola R1,210,000, ndipo ngati wogulitsa sakhala m'dzikomo ndi mtengo upyola R2 miliyoni, wogula ayenera kusunga 7.5 pa 100 iliyonse n'kupereka ku Boma. Pamwamba pa izi, phindu limene kampani ya ku Malawi ingagawe lidzadulidwa msonkho kuno, pamene lendi yomweyo ikanafika m'manja mwa mwini popanda chipata chimenechi. Ngati nyumba ili pa ngongole, banki nayo iyenera kuvomera, ndipo ngongoleyo ilembedwe mwatsopano.

Mbumba ndi mphunzitsi

Msonkho si chinthu chokha chimene chili pa chiswe. M'chigwa cha Domasi, pakati pa Ayao ndi Anyanja, malo amatsata mbumba. Mlongo akalola mchimwene wake kumanga pa malo a amayi awo, amatero podziwa kuti nthaka ndi ya banja. Malo omwewo akalembedwa m'dzina la kampani, mwini wake ndi amene ali ndi masheya, ndipo masheya akhoza kugulitsidwa, kuperekedwa chikole, kapena kugwera m'chuma cha masiye chogawidwa pa malamulo a dziko lina. Lamulo la Malawi limakhululukira msonkho pa nyumba imene munthu amakhalamo yekha, pa katundu wopatsana mwamuna ndi mkazi, ndi pa wochokera kwa kholo lomwalira kupita kwa mwana. Kampani ilibe mkazi, ilibe nyumba yogonamo. Mwini amene akulinga kudzapuma m'nyumbamo atakalamba adzapeza kuti akugona m'nyumba ya kampani, ndipo kuti aitulutsemo ayenera kusinthanso umwini, n'kulipiranso.

Nanga mphunzitsi uja wouzidwa kuti angosaina ngati mkulu wa kampani? Udindo umenewu si wa dzina chabe. Mkulu wa kampani ndiye amaonetsetsa kuti mabuku a ndalama akusungidwa, kuti lipoti la msonkho laperekedwa m'masiku 180 chaka cha kampani chitatha, ndi kuti lipoti la pachaka lafika ku kaundula. Zinthu zikalakwika, kalata siipita ku Manchester. Imafika pa khomo la amene ali pafupi, amene dzina lake lili pa pepala. Walira mvula walira matope, koma apa wolira mvula ali kutali, ndipo matope amagwera wina.

Pamene kampani imathandiza

Sikuti kampani ndi chinthu choipa. Abale anayi akasonkha ndalama kuti amange nyumba yaikulu yogonamo ophunzira pa malo a lizi, masheya amasonyeza poyera gawo la aliyense, ndipo mmodzi akamwalira nyumba siigawidwa zipinda. Phindu likamabwezedwa m'ntchito yomanga m'malo mogawidwa, msonkho wa chipata chachiwiri umadikira. Bizinesi ikagwa, ngongole zake sizitsata munda wa mwini, pokhapokha ngati iye anadziika yekha chikole ku banki. Koma ubwino umenewu umapezeka mosavuta pamene kampani yalembetsedwa njerwa yoyamba isanaikidwe, nigula malo m'dzina lake kuyambira pachiyambi. Kusamutsa nyumba yomangidwa kale ndiko kumabala msonkho wa polowa.

Tsono mphunzitsi kapena wachinyamata amene walandira mapepala otere ayenera kufunsa mbale wake mafunso angapo asanagwire cholembera. Kodi malowo ali ndi chikalata, ndipo chili m'dzina la yani? Kodi mbumba yavomera? Kodi lendi ya zaka zapitazi inaululidwa? Kodi polowa m'kampani padzalipidwa zingati, chaka ndi chaka zingati, ndipo potuluka zingati, m'maiko onse awiri? Milingo ya msonkho imasintha ndi bajeti iliyonse, kotero mayankho ayenera kuchokera kwa Malawi Revenue Authority ndi kwa katswiri wa dziko limene mwini akukhala, olembedwa pa pepala, a chaka chimenecho. Mbale wa kunja akalephera kuyankha, nyumba ikhale m'dzina limene ili, lendi idzitoleredwa ndi malisiti, ndipo msonkho wake udzilipidwa pa nthawi yake.